Mlandu wa Mgolo wa Ndere Zofiira

Mu Ufumu wa Tavomera munalibe chinthu chopanda mbali. Chilichonse chinkayenera kukhala cha amalume a mfumu kapena cha alamu ake. Mwambowu unayamba kale, mafumu a dzikolo atazindikira kuti munthu angathe kugonjetsa adani onse akunja, koma sangagonjetse mlongo wa mayi ake ndi mlongo wa mkazi wake atakhalira mphasa imodzi. Tsono ankangogawa. Ng'ombe zinali za amalume, mbuzi za alamu. Mvula yogwa m'mawa inali ya amalume, yogwa madzulo ya alamu, ndipo ikagwa tsiku lonse bwalo linkakumana.

M'nthawi ya Mfumu Sindilakwa Wachitatu, madzi nawo anali ogawidwa bwino lomwe. Amalume a mfumu, a Ndizanga, anali Nduna ya Madzi Opanda Mchere. Alamu ake, a Zakwathu, anali Nduna ya Madzi a Mchere. Aliyense anali ndi ofesi yake, galimoto lake, ndi anthu ake omunenera zoipa za mnzake.

Panali malo amodzi okha omwe anaiwalika. Kumathiriro kwa mtsinje wa Mpitanazo kunali thamanda lalikulu lotchedwa Pakatimpakati, losazama, lofika m'chiuno. Nyanja ikadzaza inkalowamo, ikaphwa n'kubwerera, pomwe mtsinje unkangothiramo ake osalekeza. Madziwo sankamweka, komanso mchere wake unali wochepa woti munthu sakanaphika mchere. Nduna ziwirizo zinapitako kamodzi, zinalawa, zinalavula, ndipo aliyense anati, "Amenewa ndi a mnzangayo." Zitachoka sizinabwererenso. Anthu a ku Pakatimpakati anakhala zaka zambiri osaona nduna, ndipo ankaoneka athanzi ndithu.

M'thamanda limeneli ndi momwe Nachanza ankalimamo ndere zofiira. Mayiyu anakakwatiwa kutsidya la nyanja ali mtsikana, banja linatha, ndipo anabwerako ndi ana awiri ndi kachidebe ka ndere zooneka ngati ulusi wosongonoka. Anthu anaseka poyamba. Koma ataona kuti ngalawa za amalonda zayamba kuima pagombe kudzagula ndere zouma, amayi anzake anasiya kuseka n'kuyamba kusongola zikhomo. Ulimi wake sunali wovuta. Umakhoma zikhomo m'matope, umakoka chingwe, n'kumangirira tizidutswa ta ndere motalikirana pang'ono. Mwezi ukapitirira, chingwe chimalemera moti umachikoka ndi mnzako. Umadula, n'kukayanika pa thandala.

Vuto la ndere ndi mbewu yake. Siisungika m'nkhokwe ngati chimanga. Mbewu yake ndi ndere zomwezo zamoyo: podula umapatula zina n'kuzimangiranso pa chingwe tsiku lomwelo. Zikafa zonse nthawi imodzi, ulimi wathera pomwepo. Kutsidya komwe Nachanza anazitenga anali atamangako doko la sitima, ndipo ndere zinatha kalekale. Choncho ndere zonse za mu Tavomera zinali zidzukulu za kachidebe kaja, ndipo kunalibe kwina kokazipempha.

Mtendere wa ku Pakatimpakati unatha chifukwa cha munthu wabwino. Dokotala Chikalimba, yemwe anaphunzira sayansi ya zamoyo kunja, anafika kuthamandako, anaona ndere, anasangalala, ndipo m'malo mosunga chimwemwe chake anakachitula kunyumba ya mfumu ku likulu la Ombani. Analowa m'bwalo atanyamula kambale kagalasi momwe munali phala loonekera, logwirana ngati msuzi wa mang'ina ukazizira.

"Mwinidziko," anatero Dokotala atagwada, "ichi si chakudya cha lero, chonde musadye."

Mfumu inachotsa chala m'kamwa.

"Phala ili timalipeza tikawiritsa ndere zofiira," anapitiriza Dokotala. "Kuchipatala timalimirapo tizilombo toyambitsa matenda. Timatidyetsa, timatisamala, tikakula timatidziwa bwino, kenako timapeza mankhwala otiphera."

"Ndi mmene timachitiranso ndi otsutsa boma," inatero mfumu, ndipo bwalo lonse linaomba m'manja n'kuyankha kuti, "Tavomera."

Dokotala anafotokoza zambiri. Anati kuchokera ku ndere zomwezo munthu angapange makoko a makapisozi, mankhwala otsukira mano, feteleza wamadzi, ngakhale majumbo omwe amawola okha akatayidwa. Anati akatswiri ena akuyesa kuzisakaniza m'chakudya cha ng'ombe kuti zichepetse mpweya woipa womwe zimatulutsa pogeya.

"Ng'ombe zangazo zageyera ndani?" anafunsa a Ndizanga. Nkhani ya ng'ombe inasiyidwa pomwepo.

Mfumu inakondwera kwambiri. Pomwepo inalamula kuti kumangidwe Fakitale ya Ndere ya Sindilakwa, yaikulu kuposa ina iliyonse m'maiko oyandikana nawo, omwe analibe ndi imodzi yomwe. Kenako inafunsa funso lomwe mfumu iliyonse ya Tavomera imayenera kufunsa isanapume.

"Nanga zimenezi zimamera m'madzi a yani?"

"A ine, mwana wa mlongo wanga," anatero a Ndizanga. "Mtsinje wa Mpitanazo ndi wanga kuyambira kugwero mpaka komwe wafika."

"Alamu," anatero a Zakwathu, "ine ndinalawa ndekha madziwo. Muli mchere. Ndinalavula chifukwa cha ulemu basi."

Dokotala anapempha kuyankhula. Ananena momveka, m'mawu oti ndi mwana yemwe akanamva, kuti ndere za mtundu umenewu zinazolowera madzi osakanikirana, a mtsinje ndi a nyanja pamodzi, ndipo kuti zikangopatsidwa a mbali imodzi zidzafa. Musaganize kuti m'bwalomo munali mbuli. Onse anamva, ndipo onse anadziwa kuti akunena zoona. Mfumu nayo inamva. Inayang'ana amalume ake, omwe anaiika pampando. Inayang'ana nsalu yotchinga kuseri kwa mpandowo, komwe mfumukazi inatsokomola pang'ono. Itatero inakanda pamutu.

"Madzi a dziko lino sangakhale a mitima iwiri," inatero mfumu. "Timange khoma pakati pa thamanda. Amalume atenge kumtunda, alamu atenge kumunsi. Ndere zisankhe zokha komwe zikufuna."

"Tavomera," linatero bwalo.

Dokotala anabwereza mawu ake mpaka mawu anasasa. Bwalo linamuombera m'manja chifukwa choyankhula bwino, ndipo sabata yomweyo anamusankha kukhala kazembe ku dziko lina la chipululu, komwe nkhani za madzi sizikanamuvutanso.

Lamulo linalengezedwa pa msika wa Tangomva, womwe uli panjira yochokera ku likulu kupita kuthamanda. Mnyamata wa chimkuzamawu anaima pa galimoto n'kuwerenga kuti kuyambira tsikulo, kusakaniza madzi a mchere ndi opanda mchere ndi mlandu waukulu woukira dongosolo la ufumu.

"Nanga tikamathira mchere m'ndiwo?" anafunsa Nasibeko, mnzake wa Nachanza, yemwe ankalima ndere komanso kugulitsa tomato pamsikapo.

Wolengezayo anatembenuza pepala, anayang'ana kuseri, ndipo anati akafunsa. Anabweranso mawa lake kudzanena kuti msuzi si madzi.

"Zamveka," anatero a Dzoole, osoka nsapato, osadzutsa mutu pa ntchito yawo. "Ndiye kuti misozi ndi ya alamu, poti ili ndi mchere. Malovu ndi a amalume. Mukamalira, anthuni, muzitseka pakamwa."

Khoma linamangidwa mwachangu chosazolowereka m'dzikolo. Panali vuto loti mtsinje, ngakhale uuletse bwanji, umafuna kukafika kunyanja. Akatswiri a unduna anakumba ngalande yaitali yopatutsira madziwo mpaka kuseri kwa malire, kuti ngati n'kusakanikirana azikasakanikirana kunja kwa dziko. Pa tsiku lotsegulira khomalo mfumu inadula kansalu itaimirira pamwamba penipeni, mwendo wina kwa amalume, wina kwa alamu. Amayi a ku Pakatimpakati anavina monga anawauzira, maso ali pa zingwe zawo.

Kumtunda, komwe kunatsala madzi a mtsinje okhaokha, ndere zinatuwa, zinafewa, n'kuyamba kusungunuka m'manja. Kumunsi, komwe dzuwa linkaphika madzi a nyanja opanda chowasukuluza, ndere zinayera nsonga n'kuyamba kuthothoka pa zingwe. A Ndizanga ananena pawailesi kuti mchere wa alamu ukuwuluka ndi mphepo kudzaononga mbali yawo. A Zakwathu anati amalume akulodza. Wailesi ya ufumu inagwirizanitsa mbali ziwirizo polengeza kuti ndere zikupuma.

Nachanza sanadikire kuti zidzuke. Anayenda chingwe ndi chingwe, mbali zonse ziwiri, kutola timphukira tomwe tinali tikadali tofiira. Tonse pamodzi tinangodzaza manja awiri. Anatiika mu mgolo wodulidwa pakati kuseri kwa khitchini yake, pomwe dzuwa la m'mawa limafika. Tsiku lililonse ankatunga ndowa imodzi kumtunda kwa khoma, ina kumunsi, n'kukasakaniza kunyumba. Ankalawa ndi chala, kutaya madzi adzulo, kuthira atsopano, n'kumatakasa ndi dzanja kuti mulowe mpweya. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo mudzi wonse unkayang'ana kumbali. Mumgolomo munali minda ya aliyense.

Kutunga madzi sikunali mlandu. Mbali iliyonse ya khoma inali ndi mlonda wake, ndipo alonda awiriwo ankaletsedwa kuyankhulana. Nachanza ankapereka moni kwa wakumtunda, kutunga, n'kuzungulira kukapereka moni kwa wakumunsi. Zikanapitirira choncho mpaka kalekale, koma alondawo anakumana pa mowa wa chikumbutso m'mudzi wina. Atakhuta, wakumtunda anadzitama kuti kuli mayi wina amene sangayambe tsiku asanabwere kudzamuona. Wakumunsi anati nayenso ali naye wotero. Atafotokozerana maonekedwe ake, anapeza kuti ndi mayi mmodzi. Aliyense anapsa mtima ngati wolandidwa mkazi, ndipo m'mawa mwake anamutsatira limodzi mpaka kuseri kwa khitchini. Aka kanali koyamba kuti maunduna awiriwo agwirire ntchito pamodzi.

Apolisi anabwera ndi galimoto. Anakweza Nachanza, anakweza mgolo, ndipo atafika ku khoti la ku Ombani anavundikira mgolowo ndi chitsulo, kumanga ndi waya, n'kudindapo chidindo.

"Musatseke, abwana," anatero Nachanza. "Zimafuna dzuwa ndi mpweya."

"Umenewu ndi umboni, mayi," anatero wapolisi. "Umboni sufuna kanthu."

Woweruza anali a Tidzaona, munthu wofatsa yemwe anakalambira pampando chifukwa chosafulumira. Mlandu utangowerengedwa, asanafunse n'komwe, Nachanza anaimirira.

"Ndavomera, bwana. Ndinasakaniza ndine, ndi manja angawa, tsiku lililonse. Ndimangeni zaka zomwe mukufuna. Chokhacho mundilole ndisinthe madzi mumgolomo, kapena muupereke kwa Nasibeko apite nawo kumudzi."

A Tidzaona anavula magalasi. M'zaka zawo zonse anali asanaonepo munthu wothamangira kundende chotero, ndipo zinawakayikitsa.

"Mayi, khalani pansi. Simungavomere mlandu tisanadziwe amene mwamulakwira."

Apa ndi pomwe panagona nkhani. Loya wa Unduna wa Madzi Opanda Mchere anati wolakwiridwa ndi iwo, chifukwa mayiyu anadetsa madzi awo ndi mchere. Loya wa Unduna wa Madzi a Mchere anati ayi, wolakwiridwa ndi iwo, chifukwa mayiyu anasukuluza mchere wawo ndi madzi wamba. Aliyense ankadziwa kuti wopambana pa mfundo imeneyi ndiye mwini mgolo, ndipo mwini mgolo ndiye mwini fakitale.

"Munkayamba kuthira ndowa iti?" anafunsa woweruza. "Ngati munkayamba ndi ya mtsinje, ndiye kuti mchere ndi umene unkalowerera. Ngati munkayamba ndi ya nyanja, ndiye kuti ndi mosemphanitsa."

"Yomwe yandilemera kwambiri tsiku limenelo, bwana."

"Tsono imalemera kwambiri ndi iti?"

"Zimatengera dzanja, bwana. Lamanzereli linathyokapo."

Maloya onse awiri anapempha nthawi yoti akafufuze za dzanjalo. A Tidzaona anavomera mosangalala n'kuimitsa mlandu.

"Nanga madzi aja, bwana?" anafunsa Nachanza apolisi atamugwira kale mkono. "Akhalamo kuyambira dzana."

"Mayi, mukupempha khoti kuti likuloleni kupalamulanso mlandu womwewo, m'kati mwa khoti, pamwamba pa umboni?"

"Eya, bwana."

"Pempho lakanidwa," anatero a Tidzaona mwaulemu.

Chitokosi chomwe anamutsekeramo chinali chogundizana ndi chipinda chosungira umboni, ndipo pamwamba pa khoma lake panali mpata. Zimenezi zinali nkhanza zomwe palibe anazikonza, zinangochitika. Nachanza sankauona mgolowo, koma ankaumva fungo. Masiku oyamba unkanunkhira ngati gombe mvula itangokata. Kenako fungolo linayamba kulemera. Iye ankadziwa tanthauzo la kusintha kulikonse, monga mayi amadziwira mwana wodwala pongomva kapumidwe kake. Anasiya kudya, osati pofuna kuopseza munthu, koma chakudya sichinkatsika.

"Achimwene," anauza mlonda wa ndende tsiku lina, "simungangotsegulako chivundikiro pang'ono? Pang'ono pokha, kuti mulowe kuwala."

Mlondayo anayang'ana uku ndi uku. Sanali munthu woipa.

"Ndikanatsegula, mayi. Kwathu ndi komweko, amayi anga aang'ono ali ndi zingwe m'thamandamo. Koma pali chidindo, ndipo ine ndili ndi ana."

Mlandu unkaitanidwa n'kuimitsidwa. Tsiku lina loya wa amalume anadwala. Atachira, wa alamu anapita ku maliro. Atabwerako, panabuka funso loti khoti lizimwa madzi a mbali iti pomva mlanduwo kuti lisaoneke lokondera, ndipo anagwirizana zoti aliyense azimwa tiyi. Nthawi iliyonse Nachanza ankaimirira n'kunena kuti wavomera, ndipo nthawi iliyonse ankauzidwa kuti adekhe, nthawi yake yovomera idzakwana.

M'kati mwa zonsezi fakitale inatha kumangidwa. Inali yokongola, ya malata obiriwira, ndi makina ochokera kunja akadali m'mapulasitiki. Mfumu itayamba kukonzekera zokamba pa tsiku lotsegulira, inafunsa kuti ndere zoyambira ntchito zili kuti.  Mlembi wamkulu anakwawa n'kunong'ona kuti ndere zamoyo zomwe zatsala mu ufumu wonse zili mu mgolo ku khoti, ndipo zikufa, koma mawu amodzi a Mwinidziko angathe kuutsegulitsa lero lomwe.

Mfumu inaganiza. Kutsegula mgolo kunkatanthauza kuupereka m'manja mwa wina. Inayang'ana amalume ake. Kuseri kwa nsalu kunamveka kutsokomola.

"Ine sindilowerera nkhani za makhoti," inatero mfumu.

"Tavomera," linatero bwalo, ndipo ena anagwetsa misozi, chifukwa chiyambire ufumu wake inali isananenepo mawu amenewa. Mfumu yomweyi inachotsapo woweruza chifukwa chogamula mlandu wa nkhuku mosaikomera. Nyuzipepala ya ufumu inalemba nkhaniyi pa tsamba loyamba, ndipo akazembe a maiko akunja anatumiza mafuno abwino.

Fakitale inatsegulidwa pa tsiku lake. Pakhomo anaunjikapo khonje wonyikidwa mu utoto wofiira, ndipo mfumu inaunyamula m'mwamba kuti ojambula ajambule. Inanena kuti Tavomera tsopano ndi likulu la sayansi ya zamoyo, kuti posachedwa dziko lidzadzipangira lokha makapisozi, ndipo kuti palibe kachilombo kadzalowe m'dzikomo osadziwika dzina. Makina anayatsidwa kwa kanthawi, analira bwino, n'kuzimitsidwa.

"Mwamva kulira kwake?" anafunsa Nasibeko pamsika madzulo ake.

"Ndamva," anatero a Dzoole. "Ngati chigayo cha kwathu chaka cha njala. Chinkalira bwino kwambiri, poti munalibe chochitsamwitsa."

Pamapeto pake tsiku la chigamulo linafika. Sikuti maloya anagwirizana, koma ogwira ntchito pa khoti anadandaula kuti sakuthanso kudyera nkhomaliro m'maofesi chifukwa cha fungo. Mgolo unagubuduzidwira kutsogolo, chidindo chinaonetsedwa kwa onse kuti n'chosakhudzidwa, ndipo waya unadulidwa. Atavundukula, a Tidzaona anatseka mphuno ndi mkanjo wawo. Anasuzumira. Mumgolomo munali madzi akuda bii ndi zinthu zoyera zoterera zikuyandama pamwamba.

"Chikalata cha mlandu chikunena kuti mayiyu anasakaniza madzi pofuna kusunga ndere zofiira," anatero woweruza kudzera mu mkanjo. "Khoti layang'ana. Mulibe ndere, mulibe chofiira. Kodi pali unduna womwe ukufuna kulawa madziwa kuti utsimikize kuti ndi osakaniza?"

Maloya onse awiri anayang'ana pansi.

"Popanda umboni palibe mlandu. Mayi Nachanza, ndinu mfulu. Khoti likukuyamikirani chifukwa cha kudekha kwanu. Mgolo ndi wanu. Madzi ali m'katimo abwezedwe kwa eni ake, aliyense gawo lake, pamaso pa nthumwi za maunduna onse awiri."

Abale ake omwe anabwera kudzamvera analulutira panja. Wapolisi yemwe anamumanga uja anamugwira chanza. Nachanza anangoti zikomo, anavundikira mgolo wake, n'kupempha kuti pougubuduza asaugwedeze kwambiri.

Nkhani inafika pa msika wa Tangomva galimoto lobwera ndi Nachanza lisanafike. Inafika mwachidule, monga nkhani zimafikira pamsika: Nachanza wawina, akubwera ndi mgolo. Nasibeko anasiya tomato wake m'manja mwa a Dzoole n'kuthamangira kumudzi, chifukwa kumudziko kunali nkhani ina yomwe anthu anali kuibisa. Khoma lija linali litang'ambika. Womanga wake, mphwake wa winawake, anali atagwiritsa ntchito simenti yambiri ya khomalo pomanga nyumba yake, ndipo nyanja itadzaza mwamphamvu sabata imeneyo inaboola pansi. Ngalande nayo inali itadzaza mchenga, mtsinje n'kubwerera njira yake yakale. Madzi anali akulowa ndi kutuluka monga kale. Mwa malamulo khomalo linali lilipobe lonse, choncho alonda ankalilondera atalifulatira.

Galimoto litaima pagombe, Nachanza anaona thamanda lodzaza ndi amayi. Zikhomo zinali zitakhomedwa kale, zatsopano, zoyera nsonga. Zingwe anali atazichapa n'kuzikoka mizere mizere mpaka kutali. Ena anali atadula kale timaluzi tomangira n'kutiluma pakamwa, manja ali okonzeka. Palibe analulutira. Onse ankangoyang'ana mgolo.

Nthumwi ziwiri za maunduna zinatsika, iliyonse ndi ndowa yake, n'kuima mofulatira mng'alu wa khomalo.

"Tipatseni gawo lathu, mayi, tizipita," inatero ya amalume.

"Ndipatule bwanji, abwana?"

"Osakaniza ndinu," inatero ya alamu. "Mukudziwa mmene munaalowetsera."

Nachanza anamasula chitenje chake chapamwamba, anachiyala pakamwa pa ndowa yoyamba, n'kuyamba kuthira pang'onopang'ono. Zoterera zija zinkatsalira pansalu. Ankazipalasa ndi zala, kuzitembenuza, kuziyang'ana padzuwa. Kamphukira kamodzi kakanakwana, ngakhale kakafupi ngati chikhadabo, bola kofiira ndi kolimba. Anasefa ndowa yoyamba mpaka kudzaza. Anasefa yachiwiri. Anapendeka mgolo, analowetsa mkono, anakanda pansi ndi m'mbali monse. Kenako anapempha nthumwizo kuti zimubwereke ndowa zija asefenso, ndipo zinamulola, chifukwa nkhope yake sinali yoti munthu angaikanize.

Atamaliza anatsikira m'mphepete mwa thamanda kukasamba m'manja. Mosaganiza, mwa chizolowezi chabe, anaika chala pa lilime. Madziwo anali bwinobwino. Mchere wake unali wa muyeso weniweni, woti ndere zikanalemera pa chingwe mwezi usanathe. Apa ndi pomwe mtima unamupweteka koposa masiku onse a m'chitokosi.

Nasibeko anali chiimire m'madzi ofika m'chiuno, chingwe chili m'manja.

"Tiyambe kumanga, Nachanza?"

Nachanza anakutumula chitenje chake, anachipinda, n'kuyang'ana mizere ya zingwe zopanda kanthu.

"Tulukani m'madzi, anzanga," anatero. "Mungazizidwe pachabe."